Ndege zomanga wekha ndi ngozi za potera: mafunso amene anthu amandifunsa kawirikawiri

Ndinagwira ntchito ya umakaniko kwa zaka zingapo ku Joni, m'shedi yokonzeramo ndege zing'onozing'ono, zambiri mwa izo zomangidwa ndi eni ake. Chibwerereni kwathu kuno ku Bembeke, sindikwera minibasi ya ku Lizulu popanda wina kundifunsa za ndegezi. Ena ndi anyamata owotcherera amene aonera mavidiyo pa YouTube, ena ndi makolo amene ana awo ayamba kudula malata kuseri kwa nyumba. Mafunso ake amakhala omwewo, ndiye ndawasonkhanitsa pamodzi. Ndikuyankha ngati makaniko amene waongola ndege zambiri zophwanyika potera. Zimene ndalembazi sizingalowe m'malo mwa mphunzitsi wokhala nanu m'ndege.

Kodi munthu angamangedi ndege payekha, n'kuuluka nayo?

Angathe, ndipo anthu masauzande ambiri achita. Koma "kumanga wekha" sikutanthauza kutola zitsulo kumsika n'kuganizira mmene phiko lingaonekere. Ambiri amagula kit, bokosi la zipangizo zodulidwa kale ndi akatswiri, pamodzi ndi mapulani, n'kumalumikiza kwa zaka ziwiri, zisanu, ena khumi. Ndege za RV za kampani ya Van's Aircraft ya ku Oregon zimene zamangidwa motere n'kuuluka zinapitirira 10,000. Pafupi ndi Johannesburg amapanga kit ya Sling, ndipo mu 2009 Mike Blyth ndi James Pitman anazungulira nayo dziko lonse lapansi. Mu 2019 ophunzira 20 a ku South Africa analumikiza Sling 4 imene inauluka kuchokera ku Cape Town mpaka ku Cairo.

Ku America lamulo limati mwini wake agwire yekha ntchito yoposa theka kuti ndege iwerengedwe m'gulu limeneli. Ku South Africa mukaona nambala yoyamba ndi ZU pamchira, dziwani kuti ndegeyo ili m'gulu momwe muli zomanga wekha.

Zimagwa kwambiri kuposa za kufakitale?

Inde. Bungwe lofufuza ngozi ku America la NTSB linatulutsa kafukufuku mu 2012 woonetsa kuti mu 2011 ndege zotere zinali pafupifupi 10 pa 100 zilizonse za ndege zing'onozing'ono, koma zinali 15 pa ngozi 100 zilizonse, ndipo pa ngozi zopha anthu zinali 21. Chimene chinandigwira mtima m'kafukufukuyo n'chakuti ngozi zambiri zimachitika ndege ikadali yatsopano, kapena ikangogulidwa ndi munthu wina amene sanaizolowere. Mapiko sathothoka kawirikawiri monga anthu amaganizira. Chimene chimavuta ndi injini ndi mafuta, komanso munthu amene wagwira ndodo yowongolera.

N'chifukwa chiyani ngozi zambiri zimachitika potera?

Potera ndi pamene zonse zimakupanikiza nthawi imodzi. Ndege ili pafupi ndi nthaka, ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo ikamayenda pang'onopang'ono samvera msanga ukaiwongolera. Uyenera kufika ndi liwiro loyenera, ndipo malire ake ndi opapatiza. Ukachepetsa kwambiri, phiko limaleka kunyamula. Ukaonjeza, ndege imakana kukhala pansi, imayandama pamwamba pa bwalo uku bwalolo likutha. Kuonjeza liwiro ndi 10 pa 100 pokha kumaonjeza mtunda woimira ndi 21 pa 100.

Ngozi zambiri za potera zimapha ndege, osati munthu: tayala lathyoka, pulopela yapindika, phiko lakhula pansi. Zimene zimapha munthu kwambiri ndi za m'funso lotsatirali.

Kodi stall ndi injini kuzima?

Ayi, ndipo apa ambiri amasokoneza chifukwa cha galimoto. Pa ndege, stall ndi ya phiko. Tulutsani dzanja pawindo la minibasi ikuthamanga, mulipendeketse pang'ono, mumva likukwera. Mukalipendeketsa mopyola, limaleka kukwera, mphepo imangolikankhira kumbuyo. Phiko limachitanso chimodzimodzi, injini ikulira bwinobwino.

Malo oopsa ndi pokhota komaliza, pamene woyendetsa akulunjika ku bwalo. Akaona kuti wapitirira mzere, mtima umamuuza kuti apendeketse kwambiri, akoke ndodo, aponde chiwongolero cha kumchira kuti mphuno ibwerere. Ndege yopendekeka imafuna liwiro lochuluka kuti phiko linyamule: ikapendekeka madigiri 60, liwiro la stall limakwera ndi 41 pa 100. Phiko limodzi limagwa, ndege imazungulira mphuno ili pansi, ndipo pa mamita 100 kapena 150 kuchokera pansi palibe mpata woidzutsa. N'chifukwa chake oyendetsa amaphunzitsidwa kuyandikira bwalo ndi liwiro loposa la stall ndi 30 pa 100, ndi kukhota mofatsa.

Pa ndege yomanga wekha pali msampha wina. Geji ya liwiro imadalira timapaipi timene mwini wake analumikiza yekha. Paipi ikamatuluka mpweya, kapena mavu akamangamo chisa, gejiyo imanama. Ndatulutsapo dothi la mavu m'timapaipi timeneti kambirimbiri.

Nanga ija imadumphadumpha ngati chule n'kugudubuzika, chimachitika n'chiyani?

Ndege yokhala ndi tayala kutsogolo iyenera kugunda pansi ndi matayala akuluakulu awiri, lakutsogolo lizitsika pambuyo pake. Mwendo wakutsogolo ndi wowonda, ntchito yake ndi kuwongolera basi. Woyendetsa akabwera mothamanga n'kukankhira mphuno pansi kuti ndege ikhale, tayala lakutsogolo limagunda poyamba, ndege imadumpha, iye amakankhanso, ndipo kudumpha kwachiwiri kumaposa koyamba.

Ndinaziona ndi maso anga tsiku lina Loweruka m'mawa. Bambo wina wachikulire anamanga ndege yake kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ineyo ndinamuthandiza kuika injini. Unali ulendo wake wachitatu. Anabwera mothamanga pa bwalo la udzu, ndege inadumpha kamodzi, kawiri, kachitatu mwendo wakutsogolo unapindikira kumbuyo n'kukumba pansi ngati khasu. Mchira unakwera pang'onopang'ono, ndege n'kugwa chagada. Titafika tinamupeza akulendewera pa malamba mutu uli pansi, petulo akudontha pafupi ndi khutu lake, chitseko chagalasi chitapanikizika ndi nthaka. Tinanyamula mchira anthu asanu kuti atuluke. Anangochekeka pachipumi. Atakhala pa udzu manja akunjenjemera, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndimangofuna ikhale pansi." Mawu amenewo ndawamva kwa anthu ambiri m'shedi muja, ndipo mankhwala ake ali pa funso la kubwerera m'mwamba.

Vutoli n'lodziwika: mu 2007 kampani ya Van's inauza eni a ndege zake zina kuti asinthe foloko ya tayala lakutsogolo kuti isamakumbe pansi pa mabwalo a udzu.

Ndiye za tayala kumchira ndi zabwino kuposa?

Pa bwalo la mabampu zimapirira bwino, koma zili ndi khalidwe lake. Kulemera kwake kuli kumbuyo kwa matayala akuluakulu, ndiye mchira umafuna kupitirira mphuno. Yesani kukankha wilibala yodzaza mukuthamanga, muona. Ikangokhota pang'ono potera, woyendetsa osaibweza msanga ndi mapazi, imazungulira pamalo amodzi, phiko n'kukhula pansi. Imeneyi amaitcha ground loop. Akaponda mabuleki mwamphamvu imagwa chamutu. Munthu amene anaphunzira pa ya tayala kutsogolo ayenera kuphunziranso ndi mphunzitsi asanagwire yotere.

Mumanena kuti kuno ku Dedza n'kovuta kutera. Bwanji?

Chifukwa tili pamwamba. Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, phiri la Dedza limafika mamita 2,198. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndipo kukatentha umapepukiratu. Masana a mwezi wa Okutobala, kutentha kukafika madigiri 28, ndege imamva ngati ili pa mamita 2,400.

Chovuta n'chakuti geji siikuuza zimenezi. Imaonetsa liwiro lomwe lija unazolowera, koma pansi ukudutsa mothamanga kuposa pamenepo ndi 12 kapena 13 pa 100, ndipo mtunda woterera umatalika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena kuposerapo. Tiyeni tiwerengere limodzi. Ndege imene kugombe la nyanja yamchere imafuna mamita 300, kuyambira podutsa mitengo ya kumapeto kwa bwalo mpaka kuima, kuno ifuna pafupifupi 380. Akuluakulu oona za ndege ku Britain amalangiza kuonjeza 35 pa 100 ngati udzu ndi wonyowa, chifukwa mabuleki sagwira. Tafika pa mamita 510. Mphepo ikamaomba kumbuyo, ngakhale yaing'ono, onjezaninso 20 pa 100, ndipo tapitirira 600. Bwalo likakhala lotsetsereka onjezaninso. Bwalo la mpira la pasukulu, limene anyamata ambiri amandilozera kuti "apa ikhoza kutera", ndi mamita 100 okha.

Injini nayonso imapuma mpweya wopepuka womwewo. Yopanda turbo imataya pafupifupi 3 pa 100 ya mphamvu zake pa mamita 300 alionse okwera, ndiye tsiku lotentha kuno yatsala ndi mphamvu zosakwana magawo anayi mwa asanu. Munthu amene anazolowera kutera kumunsi, ku Salima kapena ku Mangochi, akabwera kuno ndi chizolowezi chomwecho amapeza kuti bwalo lafupika ndipo ndege yalemera.

Mphepo ndi chifunga zimalowapo bwanji?

Ndege imatera moyang'anana ndi mphepo. Mphepo ya m'mbali ndi imene imayambitsa ground loop ndi kutuluka m'bwalo, ndipo ndege yopepuka imatengeka ngati nkhuku. M'miyezi ya mwera, mphepo ikawoloka phiri imatsika mbali inayo ikuvundukavunduka, ndipo imatha kukanikizira ndege pansi pamene yatsala pang'ono kutera. Kumene dziko limatsika mwadzidzidzi, monga ku Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, mphepo siikhala yokhazikika. Chilimwe chikafika pamabwera kamvuluvulu, amene ife timangomuona akunyamula mapesi, koma amatha kutembenuza ndege yaing'ono.

Chifunga cha Juni ndi Julayi nonse mukuchidziwa, chija chimabisa ngakhale galimoto ya kutsogolo kwanu pa msewu wa M1. Oyendetsa ambiri a ndege zazing'ono amauluka poona ndi maso. Munthu akalowa mumtambo asanaphunzire kuuluka ndi mageji okha, thupi limamunamiza, amamva ngati waongoka pamene wapendekeka, ndipo mapiri a Dedza ndi Chongoni amakhala ali m'mtambo momwemo.

Kodi ndege imene inagwa ku Chikangawa inali yamtundu umenewu?

Ayi. Anthu a ku Ntcheu amandifunsa funsoli ndi chisoni, ndipo n'zomveka, poti malemu Dr Saulos Chilima, amene anali m'ndegemo, anagona kwawo ku Nsipe. Ndege imene inagwa pa 10 Juni 2024 n'kupha anthu asanu ndi anayi inali Dornier 228 ya asilikali, ya injini ziwiri, yopangidwa kufakitale ku Germany. Sinathe kutera ku Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa, ndipo akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany anabwera kudzafufuza. Chimene chikugwirizana ndi nkhani yathu ndi chimodzi: mitambo yotsika ndi mapiri, monga ndanenera pa funso lapitalo.

Kubwerera m'mwamba n'kutani, ndipo bwanji anthu sachita?

Ndi kuleka kutera. Waona kuti wathamanga, wakwera kwambiri, wadumpha, kapena mbuzi yalowa m'bwalo: umaonjeza moto wonse, umaongola ndege, umakwera, n'kuzungulira kudzayesanso. Oyendetsa amati go-around. Zimatenga mphindi zisanu ndi petulo pang'ono.

M'maganizo mwanga, ngozi zambiri zimene ndinakonza zikanapeweka ndi chinthu chimodzi chimenechi. Anthu sachita chifukwa cha manyazi. Achibale abwera kudzaonerera, mafoni ali m'mwamba, ndipo munthu safuna aoneke ngati walephera. Ena amachita koma mochedwa, bwalo litatha, ndipo kuno kumene injini ilibe mphamvu zonse, kuchedwa kumatanthauza kukagwa m'mitengo ya bulugama ya kumapeto. Woyendetsa wanzeru amasankhiratu chizindikiro ali m'mwamba: "Ndikafika pa mtengo uja matayala asanagunde, ndikubwerera." Akafikapo sakambirananso ndi mtima wake.

Injini ikazima m'mwamba, ndege imangogwa ngati mwala?

Ayi, imatsetsereka ndi mapiko. Zambiri zimayenda mamita 8 mpaka 10 kutsogolo pa mita imodzi yotsika. Munthu amakhala ndi mphindi zochepa zosankha malo, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kusunga liwiro mpaka pansi. Amene afika pansi ndege ikumvera, ngakhale m'tchire, nthawi zambiri amatuluka amoyo. Amene amakoka ndodo kuti akafike patali amalowa mu stall. Nthawi yoipitsitsa ndi injini ikavuta ndege itangonyamuka. Ndege yoperekeza ophunzira aja a ku Cairo inagwa mu Ogasiti 2019 itangochoka ku Tabora ku Tanzania, atanena kuti injini yavuta, ndipo oyendetsa awiri odziwa bwino ntchito anamwalira.

Minda yathu ndi yovuta. Kutera mopingasa mizere ya chimanga kapena ya kachewere ndi kugudubuzika basi. Ngati palibe kwina, tsata mizereyo. Dambo limaoneka losalala uli m'mwamba, koma nthawi ya dzinja matayala amatitimira, ndipo m'udzu mumabisala chulu ndi zitsa. Msewu wa M1 umakopa maso, koma uli ndi mawaya amagetsi osaoneka uli m'mwamba, zikwangwani, akabaza, ngolo ndi ana asukulu. Woyendetsa alibe ufulu woika anthu amenewo pangozi pofuna kupulumutsa ndege yake.

Petulo wa pa filing'i siteshoni angagwire ntchito?

Injini ya Rotax 912 ya ku Austria, imene ili m'ndege zambiri zotere, imalola petulo wa galimoto, koma ethanol asapitirire 10 pa 100. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndiye muyenera kuyeza, osangokhulupirira. Ethanol amakoka madzi, ndipo amadya mapaipi ena ndi mathanki ena a faibagalasi. Wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu musamuganizire n'komwe.

Potsika kukatera, moto ukachepetsedwa kunja kuli chinyontho, m'kabuleta, mosakanizira petulo ndi mpweya, mumatha kuundana madzi ngakhale inu simukumva kuzizira. Umadzazindikira pamene ukufuna moto wobwerera m'mwamba, injini n'kutsokomola.

Amene wamanga ndiye ayenera kuyamba kuiulutsa?

Mtima umatero, koma ine ndimakana. Munthu amene watha zaka ali m'shedi nthawi zambiri amakhala ataiwalako kuulutsa, ndipo amaikonda ndegeyo mopitirira, moti pangozi amayesa kupulumutsa iyo m'malo mwa moyo wake. Ulendo woyamba apatsidwe woyendetsa wozolowera mtundu umenewo. Ku America ndege yatsopano nthawi zambiri imayesedwa maola 25 kapena 40, m'dera losankhidwa, isananyamule alendo. Isanauluke iyenera kuikidwa pa sikelo, chifukwa ikalemera kumchira imavuta kwambiri potera.

Wogula yomangidwa kale asamale koposa, poti womanga aliyense amasintha kena kake. Woimba John Denver anamwalira pa 12 Okutobala 1997 ku Monterey Bay m'ndege ya Long-EZ imene anali atangogula. Womanga anaika chosinthira thanki ya mafuta kuseri kwa phewa lamanzere, osati pamene mapulani ananena. Ofufuza anapeza kuti potembenuka kuti achifikire, ndege inamupulumuka.

Ndege ikatera mwadzidzidzi m'mudzi mwathu, tichite chiyani?

Choyamba gwirani ana. Musathamangire m'bwalo ndege ikubwera, woyendetsa sangaime ngati njinga. Musayandikire pulopela, ngakhale itaima, chifukwa injini zina zimatha kulira munthu akangoipukusa. Fodya ndi moto zikhale kutali, ndipo musatunge petulo amene akutayika. Ndege zina zili ndi parachuti yotuluka ndi roketi, ndiye musakoke chogwirira chofiira chilichonse.

Ngati palibe moto, musamukoke wovulala, khosi kapena msana zikhoza kukhala zitathyoka. Ngati walendewera chadodolido, ena amugwire mapewa ndi mutu wina asanamasule lamba, apo ayi agwera pakhosi. Dziwitsani amfumu, apolisi ndi achipatala. Zidutswa zisiyeni pomwe zagwera, chifukwa ofufuza amawerenga ngozi kuchokera pa zimenezo, ndipo kabawuti kamodzi kotoledwa kakhoza kubisa chimene chingaphe munthu wina mawa. Ndikupemphaninso, abale anga: zithunzi za ovulala ndi omwalira musazitumize pa WhatsApp.

Mwana wanga akumanga ndege ndi injini ya njinga yamoto. Ndimuletse?

Mayi wina wa ku Tsangano anandifunsa zimenezi misozi ili m'maso. Ndinamuyankha kuti, "Mayi, luso musaliphe, koma asakweremo." Injini ya njinga ya 125cc ili ndi mphamvu ya mahatchi pafupifupi 10, pamene Rotax 912 ili ndi 80 kapena 100. Nthawi zambiri chinthucho sichinyamuka, koma pulopela yosema pamanja ikathyoka ikuzungulira imapha amene waima pafupi. Chikanyamuka mamita asanu okha, mwanayo ayenera kutera asanaphunzirepo, ndipo zonse zimene ndafotokoza pamwambapa zimamudikira nthawi imodzi.

Lamulo nalonso lilipo. Ndege iliyonse m'dziko muno iyenera kulembetsedwa, kupatsidwa nambala yoyamba ndi 7Q, kuyenderedwa ndi akuluakulu a Malawi Civil Aviation Authority, ndipo woyendetsa akhale ndi laisensi. Pitani kwa iwo musanagule chitsulo choyamba.

Mwana wotere ayambe ndi kandege kakang'ono koyendera rimoti, kamene kakagwa amangokamata n'kuyesanso. Stall, mphepo ya m'mbali, kulemera kumchira, zonse aziona ndi maso ake pa dambo la kwawo. Alimbikire masamu ndi fizikisi. Ku Kasungu kunatsegulidwa dera loyeserako madroni mu 2017, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunayamba African Drone and Data Academy, kumene achinyamata amaphunzira kupanga ndi kuulutsa madroni. Mnyamata wa ku Tsangano uja ndinakamuona. Tinamasula pulopela yake limodzi, ndinamusonyeza mng'alu umene unali utayamba pafupi ndi mabawuti, ndipo anaisunga m'nyumba. Pano akumanga kandege ka rimoti ka mapiko a mita imodzi ndi theka.